Ightham Mote: nyumba ya m'ma 1340 yozingidwa ndi madzi ku Kent

Bambo Kamanga

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi nyumba ina yoti tiiunike pamodzi. Dzina lake ndi Ightham Mote, ndipo ili kumudzi, m'chigwa chobisika pafupi ndi tauni ya Sevenoaks m'dera la Kent ku England. Mbali zake zakale kwambiri zinamangidwa cha m'ma 1340, panopa ikusamalidwa ndi bungwe losunga malo akale la National Trust, ndipo lamulo la dzikolo linaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa kwambiri, limene amalitcha Grade I. Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba, choncho chimene chandigwira mtima ndi pulani yake. Nyumbayi ili ndi mbali zinayi zimene zinazinga bwalo laling'ono la m'kati, zipinda zake zimapitirira 70, ndipo makoma ake akunja amachita kutuluka m'madzi enieni, chifukwa ngalande yaikulu inaizungulira yonse osasiya ngakhale kanjira pakati pa khoma ndi madziwo. Kunsi kuli miyala, pamwamba pali matabwa ndi pulasitala, pena pali njerwa zofiira, ndipo mazenera ake safanana kukula ngakhale kapangidwe. Ndikufuna kumva kwa amene akudziwa mbiri yake ngati pali mmisiri mmodzi amene anailinganiza chonchi, komanso chimene chinaipulumutsa pamene nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinagwetsedwa kalekale.

Mayi Nambewe

Bambo Kamanga, pulani imeneyo sinachokere m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo amene anayala maziko ake akanati adzuke lero sakanaizindikira nyumbayo. Zimene zatsala za nyumba yoyambirira zili makamaka mbali ya kum'mawa: holo yaikulu, chipinda chopemphereramo, chipinda chapansi cha miyala chimene chili kunsi kwake, ndi zipinda ziwiri zapamwamba za eni nyumba. Mwini wake woyamba amene dzina lake likupezeka m'zolembedwa ndi Sir Thomas Cawne, yemwe anamwalira mu 1374, ndipo chifanizo chake chamwala, atavala zankhondo, chikadalipo m'tchalitchi cha m'mudzi wa Ightham. Mwana wake wamkazi Alice atakwatiwa ndi Nicholas Haute, nyumbayo inalowa m'banja la a Haute. Richard Haute, msuweni wa Mfumukazi Elizabeth Woodville, ndiye anawonjezera zambiri cha m'ma 1470 ndi 1480, mpaka bwalo la m'kati linatsekeka mbali zonse. Mu 1521 inagulidwa ndi Richard Clement, amene anatumikirapo kunyumba ya Mfumu Henry VII, ndipo mu 1591 inagulidwa ndi Sir William Selby, amene banja lake linakhala nayo mpaka 1889.

Pa funso lanu lachiwiri, maganizo anga ndi akuti inapulumuka chifukwa eni ake anali anthu opeza bwino koma osati olemera kwadzaoneni. Pafupi pomwepo pali nyumba ya Knole, imene Thomas Bourchier, bishopu wamkulu wa Canterbury, anagula mu 1456 n'kuimanganso mwaulemerero. Anthu otere ankatha kugwetsa chakale n'kuyamba chatsopano nthawi iliyonse imene fashoni yasintha. Eni ake a Ightham Mote m'thumba mwawo simunkalola zimenezo, motero m'badwo uliwonse unkangoboola zenera apa, kumanga chumuni apo, kuphimba khoma ndi matabwa, n'kusiya zotsalazo mmene unazipezera.

Bambo Kamanga

Zikomo kwambiri mayi, zimenezo zandiunikira. Ndikufuna kuwonjezerapo chifukwa china chimene chikuoneka pa pulani yeniyeniyo. Ngalande ija inaika malire amene mwini nyumba aliyense sakanatha kuwadumpha popanda kuwononga chuma chambiri. Munthu wokhala pamalo otseguka akafuna zipinda zina amatambasulira nyumba kunja, ndipo pakapita nthawi mbali yakaleyo imasanduka yosafunika n'kugwetsedwa. Pachilumba chaching'ono chonchi sizikanatheka, choncho anamanga motsata m'mphepete mwa madzi mpaka mbali zonse zinakumana, kenako anayamba kukwera m'mwamba ndi kugawa zipinda zimene zinalipo kale. Ngakhale makola a akavalo anawamanga kutsidya kwa madzi, mbali ya kumadzulo, chifukwa m'katimo munalibe malo. Ndikuona kuti madziwo ndi amene anasunga maonekedwe a nyumbayi kuposa munthu wina aliyense amene mwamutchula.

Chikondi

Ndikupempha mundithandize, makolo anga. Poona ngalande ndi nsanja ya pachipata, ine ndimaganiza kuti nyumbayi inamangidwa ngati linga lodzitetezera pa nkhondo. Kodi si mmene zinalili?

Mayi Nambewe

A Chikondi, akatswiri ofukula zakale apeza malo pafupifupi 6,000 ku England amene anazingidwa ndi ngalande za madzi, ndipo ambiri mwa iwo anakumbidwa pakati pa 1250 ndi 1350, nthawi imene nyumba yathuyi inayamba. Ambiri mwa malo amenewa sanali malinga a nkhondo. Ngalande inali chizindikiro cha ulemu, chosonyeza kuti mwini malo ndi munthu wa udindo, wotha kulemba anthu ambiri okumba. Madziwo ankathandizanso m'njira zina: ankachotsa chinyontho pamalo omangapo, ankakokolola zonyansa za m'nyumba, ndipo maiwe olumikizana nawo ankasungiramo nsomba, zimene zinali zofunika kwambiri chifukwa mpingo unkaletsa kudya nyama Lachisanu ndi pa masiku ena ambiri osala. Komanso taonani pamene nyumbayo inamangidwa. Ili pansi penipeni pa chigwa, ndipo mapiri okhala ndi nkhalango anaizungulira, moti munthu woima pamtunda amaona denga lake lonse. Wofuna kumanga linga sasankha malo otere, koma wofuna madzi a akasupe oyenda chaka chonse amawasankha.

Bambo Tembo

Mayi Nambewe, ndikugwirizana nanu kuti gulu la asilikali silikanavutika kulanda nyumba imeneyi, koma ndikuona ngati nkhani ya chitetezo mwaipeputsa mopitirira. Mdani wa munthu wa kumudzi nthawi imeneyo sanali asilikali a dziko lina ayi, koma akuba a usiku, anansi olimbirana malire, ndi anthu wamba akakwiya. Dera la Kent linali lotchuka ndi zipolowe. Mu 1381 anthu a kumeneko anaukira motsogozedwa ndi Wat Tyler, ndipo mu 1450 gulu la Jack Cade linagonjetsa asilikali a mfumu pafupi ndi Sevenoaks pomwepo. Munthu amene wazingidwa ndi madzi, ndipo watseka chitseko chochindikala cha pachipata, ankagona tulo tabwino kuposa mnzake wopanda zimenezo. Ulemu ndi chitetezo zinkayendera limodzi, ndipo sindikuona chifukwa chosankhira chimodzi.

Mayi Naphiri

Ndinakaiona nyumbayi ndi maso, ndipo pali kanthu kamene kangathandize pa mfundo ya Bambo Tembo. Pakhoma la nsanja ya pachipata pali kampata kopapatiza, kamene amati mlonda ankalankhulirapo ndi mlendo kapena kulandirirapo kalata asanatsegule chitseko. Zimenezi zikusonyeza anthu ochenjera ndi alendo, ngakhale sanali okonzekera nkhondo. Koma mukangodutsa pachipatapo, mumapezeka m'bwalo loyalidwa miyala yobulungira, ndipo kutsogolo kwanu kuli zenera lalikulu la holo, la magawo asanu, lodzaza magalasi. Nyumbayi inatseka nkhope kunja n'kuitsegulira m'kati, ndipo mazenera aakulu amene akuyang'ana kumadzi ambiri anaboolereredwa pambuyo pake, mantha atachepa.

Bambo Chisale

Ndalowa mochedwa m'zokambiranazi, koma popeza ntchito yanga ndi ya ukalipentala wokonza nyumba zakale kuno ku Kent, ndiloleni ndifotokoze za holo imene Mayi Naphiri atchula, chifukwa ndiyo mtima wa nyumbayo. M'zaka za m'ma 1300 holo inali chipinda chimodzi chotseguka kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo ya ku Ightham Mote ndi yotalika pafupifupi mamita 11 kupita m'mwamba. Kutalikako kunali ndi ntchito. Moto ankausonkha pakati penipeni pa chipinda, panalibe chumuni, ndipo utsi unkakwera n'kukatulukira pa kampata ka padenga. Mwini nyumba ankadyera kumtunda kwa holo, antchito kumunsi kufupi ndi khomo lopita kukhitchini, ndipo ambiri mwa antchitowo ankagona momwemo. Malo osonkhapo moto a m'khoma, okhala ndi chumuni, anabwera pambuyo pake, monganso zenera lalikulu lija.

Chimene chimandichititsa chidwi m'holo imeneyi ndi mmene anasenzetsera denga. Pakati pa chipinda anasanja miyala mokhota ngati uta, kuchoka khoma lina kufika khoma linzake, ndipo pamwamba pa utawo pakhala mitengo ya denga. Amisiri ambiri a nthawi imeneyo akanaika mtanda wa mtengo pamenepo, koma apa anagwiritsa ntchito mwala, umene ndi wokwera mtengo ndiponso wovuta kusema. Mwala wa m'derali umatchedwa ragstone, ndi wolimba kwambiri, ndipo sulola kusalala, n'chifukwa chake makoma akunja amaoneka a mabampumabampu.

Za chaka chimene inamangidwa sitikungoganizira. Akalipentala akale ankagwiritsa ntchito mtengo wa oak ukadali wauwisi, chifukwa ukauma nkhwangwa ndi tchizulo zimabwerera, motero chaka chimene mtengo unagwetsedwa chimakhala pafupi kwambiri ndi chaka chimene unakwera padenga. Akatswiri amaboola kachidutswa kowonda mu mtanda, n'kuyeza mizere yozungulira imene mtengo umawonjezera chaka chilichonse. Chaka cha mvula yabwino mzere umanenepa, chaka chouma umawonda, ndipo akayerekeza ndondomeko ya mizereyo ndi ya mitengo ina yodziwika zaka zake, amapeza nthawi imene unadulidwa. Mitengo ya mbali yakale ya nyumbayi inaloza zaka za m'ma 1330 ndi 1340, kutanthauza kuti inamangidwa mliri waukulu wa 1348 ndi 1349 utangotsala pang'ono kufika.

Chikondi

Bambo Chisale, nanga mitengo yolemera chonchi ankailumikiza bwanji, popeza ndamva kuti misomali inali yosowa?

Bambo Chisale

A Chikondi, mafupa a nyumba yamatabwa yotere safuna msomali. Pa mtanda wina amaboola mphako ya ngodya zinayi, pa unzake amasema lilime lolowa m'mphakomo, kenako amaboola bowo lopyoza zonse ziwiri n'kukhomera chikhomo cha oak. Luso lake lagona pa bowolo. La palilime amaliboola mophonyetsa pang'ono dala, kuti chikhomo chikamalowa chizikoka lilimelo kulowa m'kati, ndipo mtengo ukamauma mfundoyo imangolimbirabe. Ntchito yonseyi inkachitikira pansi, pabwalo la kalipentala, kumene ankalumikiza khoma lonse ligonere, n'kulemba manambala a Chiroma ndi tchizulo pa mfundo iliyonse, kenako n'kuliphwasula kupita nalo pamalo omangapo. Mukayang'anitsitsa mitanda ya nyumba zakale za kuno mudzawaona manambalawo.

Mipata ya pakati pa mitengo ankaitseka poluka timitengo tating'ono n'kuphomapo dothi losakaniza ndi udzu kapena ubweya wa ziweto, kenako n'kupaka laimu. Amene anaonapo nyumba ya nsichi ndi mbalo ikuphomedwa kumudzi kwathu sangavutike kumvetsa, kusiyana kwake n'kwakuti kunoko dothi limangodzaza mipata, katundu yense amasenzedwa ndi mitengo. Mudzaonanso kuti m'mbali zina chipinda chapamwamba chinatulukira kunja kupitirira khoma lapansi, n'kulendewera pamwamba pa madzi. Kamangidwe kameneka kamawonjezera malo m'mwamba, kamateteza khoma lapansi ku mvula, komanso kankasonyeza kuti mwini nyumba sanaumire pogula mitengo.

Mayi Naphiri

Pa za uta wa miyala uja, pali chinthu chimene zithunzi zambiri sizionetsa. Pamene mauta a denga akutsamira khoma pali tizifanizo ta anthu tosemedwa, tokhota misana ndi kukwinya nkhope ngati tikulemedwa ndi katundu amene tasenza. Munthu amayenera kukweza mutu n'kudikira kuti maso azolowere mdima asanatione bwino. Chipinda chimene chinandikhalitsa kwambiri, komabe, ndi chapamwamba cha mbali ya kumpoto, chimene lero amachitcha chopemphereramo chatsopano. Siling'i yake ndi ya matabwa okhota, ndipo pamatabwapo anajambulapo zizindikiro ndi utoto umene tsopano unafwifwa: maluwa a rozi, zipatso za makangaza, mitolo ya mivi, tinsanja, ndi chitseko cha zitsulo zopingasa. Ndikupempha Mayi Nambewe atifotokozere tanthauzo la zimenezi.

Mayi Nambewe

Mayi Naphiri, siling'i imeneyo ndi ntchito ya Richard Clement, ndipo ndi ndale zolembedwa ndi utoto. Rozi ndi chizindikiro cha banja lachifumu la Tudor, chitseko cha zitsulo ndi cha banja la Beaufort kumene kunachokera mayi ake a Henry VII, ndipo makangaza, mivi ndi tinsanja ndi za Catherine wa ku Aragon, mkazi woyamba wa Henry VIII, ndi makolo ake a ku Spain. Clement anabwereza zizindikiro zomwezo pa magalasi a zenera la holo ndiponso pa matabwa osemedwa a m'mphepete mwa denga loyang'ana m'bwalo, kuti mlendo aliyense wolowa adziwe kuti mwini nyumba ndi munthu wa mfumu. Chipindacho poyamba chinali cha alendo olemekezeka, ndipo chinasanduka chopemphereramo m'nthawi ya a Selby. Chodabwitsa n'chakuti mu 1533 ukwati wa Henry ndi Catherine unathetsedwa, mfumu itatenga Anne Boleyn, amene kwawo kunali ku Hever, m'dera lomwelo la Kent. M'nyumba za mfumu amisiri anatumidwa kuchotsa makangaza, koma m'chigwa muno palibe amene anadzivutitsa, ndipo alipo mpaka lero.

A Selby nawo anasiya zawo. M'chipinda chochezera alendo muli malo osonkhapo moto osemedwa a kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600, zenera la magawo atatu lotengera kamangidwe ka ku Venice limene linaboolereredwa m'zaka za m'ma 1700, ndi mapepala a pakhoma ojambulidwa pamanja ku China. Matabwa amene anaphimba makoma a holo, amene alendo ambiri amaganiza kuti ndi akalekale, anaikidwa m'zaka za m'ma 1870 ndi katswiri wa zomangamanga Richard Norman Shaw.

Bambo Tembo

Zonse mwafotokozazi n'zokoma, koma ndili ndi funso limene likundisowetsa mtendere. Kuyambira 1989 mpaka 2004 bungwe la National Trust linakonza nyumbayi pa mtengo wa ndalama pafupifupi mapaundi 10 miliyoni, ndipo pochita zimenezo linaphwasula mbali zambiri, kuzilemba, n'kuzimanganso. Ngati denga linatsitsidwa, makoma anatsegulidwa, mitengo yowola inachotsedwa n'kulowetsa ina, kodi tikunena zoona tikamauza anthu kuti akuona nyumba ya m'ma 1340? Ine ndikuona ngati akuona nyumba ya 2004 imene yavala zovala za agogo ake. Ndimalemekeza amisiri amene anagwira ntchitoyo, koma pali malire amene kukonza kumasanduka kupanga chatsopano.

Bambo Chisale

Bambo Tembo, nkhawa yanu si yachilendo, ndipo ndi imene inabala bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, limene William Morris ndi anzake anayambitsa mu 1877 poona anthu akupala ndi kumanganso matchalitchi akale m'dzina lowakonza. Mfundo imene amisiri a nyumba zakale timaitsata kuchokera pamenepo ndi yakuti chotsa chochepa kwambiri chimene ungathe. Mtanda ukawola kunsonga, sititaya mtanda wonse. Timadula powolapo mopendeketsa mpaka tifike pa mtengo wolimba, n'kulumikizapo chidutswa chatsopano cha oak chosemedwa molingana. Kuphwasula nyumba yamatabwa sikufanana ndi kugumula nyumba ya njerwa, chifukwa monga ndanenera, inapangidwa molumikiza ndi zikhomo, ndipo mtengo uliwonse umabwerera pamalo pake.

Ganiziraninso zimene zikanachitika akanaisiya. Madzi amene Bambo Kamanga akuti anasunga pulani ndi omwewo amene amadya nyumbayo. M'chigwa cha chinyontho mtengo umagwidwa ndi nkhungu, ndipo mtengo wofewa ndi nkhungu umaitana kachilombo kofumbula oak, kamene mphutsi zake zimakhala m'kati zaka zambiri zikudya, kunja kukuoneka bwinobwino. Zina zimene zinawononga nyumba zambiri zakale ndi makonzedwe a anthu a zolinga zabwino. Ndinagwirapo ntchito pa nyumba ina ya pafamu imene wina anaipaka simenti pamwamba pa mitengo pofuna kuiteteza ku mvula. Simentiyo inang'aluka timing'alu tosaoneka, madzi ankalowa koma osapeza potulukira, ndipo titaigumula, mtanda wapansi umene khoma lonse linakhalapo unkangofumbutuka m'manja. Laimu sachita zimenezo, chifukwa ndi wofewa, amalola chinyontho kutuluka, ndipo amapirira nyumba ikamasuntha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake pa nyumba zotere timabwerera ku laimu ngakhale amachedwa kuuma ndipo sagwirika m'nyengo yachisanu.

Bambo Kamanga

Ndikufuna kuyankha Bambo Tembo kuchokera mbali ina. Funso lanu likutenga 1340 ngati chaka chenicheni cha nyumbayi, zotsalazo ngati zowonjezera. Koma malinga ndi zimene Mayi Nambewe afotokoza, palibe chaka chimodzi chimene nyumbayi inali itatha kumangidwa. Tikafuna ya 1340 tiyenera kugwetsa mbali zitatu, kutseka zenera la holo, ndi kusonkha moto pakati pa chipinda. Tikafuna ya Clement tiyenera kung'amba mapepala a ku China. A National Trust anasankha kuisunga mmene inalili pamene anailandira mu 1985, ndipo ine ndikuona kuti chimenecho ndicho chisankho chokhacho chimene sichinafune kuti awononge ntchito ya m'badwo wina pofuna kukometsa ya m'badwo unzake.

Mayi Nambewe

Chaka cha 1985 chili ndi mbiri yake imene ndi bwino tiidziwe. Sir Thomas Colyer-Fergusson anagula nyumbayi mu 1889, ndipo mu 1890 ndi 1891 anaikonza kwambiri, apo ayi bwenzi itagwa zaka za m'ma 1900 zisanafike pakati. Izi zisanachitike inali itabwerekedwa kwa kanthawi kwa William Jackson Palmer, Mmereka wa za njanji amene anayambitsa mzinda wa Colorado Springs, ndipo m'nthawi imeneyo John Singer Sargent anajambulirako mwana wake wamkazi, Elsie. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, misonkho ndi mtengo wosamalira nyumba zikuluzikulu zinalemera, ndipo mu 1951 nyumbayi ndi katundu wake zinagulitsidwa. Panali maganizo oigwetsa kuti atengepo mtovu wa padenga kapena kuigawa tinyumba tambiri tobwereketsa, koma amuna atatu a m'deralo anasonkherana n'kuigula kuti aipulumutse. Mu 1953 anaigulitsa kwa Charles Henry Robinson wa ku Portland, m'chigawo cha Maine ku America, amene anaiona ali mnyamata ndipo sanaiiwale. Iyeyu ndiye anaisiyira National Trust atamwalira mu 1985, ndipo phulusa lake linaikidwa panyumba pomwepo. Choncho mukamayenda m'nyumbamo mumachoka m'chipinda chapansi cha miyala cha m'ma 1300 n'kukathera m'laibulale yokonzedwa monga mmene munthu wa ku America wa m'ma 1950 ankafunira.

Bambo Tembo

Pa za kalumikizidwe ka mitengo ndamva, Bambo Chisale, ndipo mfundo yanu ndi yolimba. Koma pa chaka cha 1985 sindinakhutire. Kusankha kusunga zonse nakonso ndi kuweruza, chifukwa kukuika laibulale ya Robinson pa mlingo umodzi ndi holo ya m'ma 1340, pamene zinthu ziwirizi sizilingana kusowa kwake. Zipinda za m'ma 1950 zilipo zambirimbiri, koma maholo otere atsala owerengeka. Ndamvanso kuti m'bwalo la m'kati muli khola la galu limene nalonso ndi lotetezedwa pa mlingo wa Grade I, ndipo kwa ine zimenezo zikusonyeza lamulo limene lasiya kusiyanitsa chamtengo wapatali ndi chongosangalatsa.

Mayi Naphiri

Kholalo lilipodi, bambo. Ndi lamatabwa, lomangidwa motengera maonekedwe a nyumba yeniyeniyo, ndipo ndi lalikulu moti mwana angaimirire m'kati. Linamangidwa m'nthawi ya a Colyer-Fergusson, cha m'ma 1890, kumangira galu wamkulu wa mtundu wa St Bernard dzina lake Dido. Alendo ambiri amalijambula kuposa holo, ndipo pamenepo ndikumvetsa kudandaula kwanu.

Bambo Kamanga

Bambo Tembo, lamulo silinanene kuti khola ndi lofanana ndi holo. Pansi pa lamulo la 1990 loteteza nyumba zakale ku England, nyumba ikalembedwa m'kaundula chitetezocho chimakhudza kunja ndi m'kati momwe, zonse zomatidwa kunyumbayo, ndiponso zomangidwa za pamalopo zimene zinalipo July 1948 asanafike. Cholinga chake n'chakuti mwini nyumba asamadziweruzire yekha chimene chili chofunika, chifukwa mbiri yaonetsa kuti m'badwo uliwonse umanyoza ntchito ya makolo ake apafupi n'kutamanda ya akutali. Anthu a m'ma 1950 ankagwetsa za m'ma 1800 mosaumira, ndipo lero tikuzilira. Lamuloli silikuletsa kusintha kulikonse, koma likufuna kuti munthu apemphe chilolezo kaye, ndipo poweruza pempholo m'pamene akuluakulu a khonsolo, mothandizidwa ndi bungwe loona za malo akale la Historic England, amayeza kufunika kwa chinthu chilichonse pachokha. Kugwira ntchito popanda chilolezocho ndi mlandu. Mwa nyumba 100 zilizonse za m'kaundula, zosakwana 3 ndizo zili pa Grade I. Palinso lamulo la 1907 limene linapatsa National Trust mphamvu yolengeza kuti malo ake sangagulitsidwe kapena kuperekedwa chikole, ndipo kwa nyumba imene inatsala pang'ono kugwetsedwa chifukwa cha mtovu wa padenga, chitetezo chimenecho n'chachikulu kuposa cha m'kaundula.

Chikondi

Bambo Chisale, ngati munthu atapita kukaiona, angasiyanitse bwanji mtengo wakale ndi umene unaikidwa pokonza, kuti adziweruzire yekha pa mkangano wa Bambo Tembo ndi Bambo Kamanga?

Bambo Chisale

Ayang'ane pankhope pa mtengowo, a Chikondi, ndipo ngati n'kotheka ayang'ane cham'mbali, kuwala kukuchokera pazenera. Mtengo wa m'ma 1300 unasemedwa ndi nkhwangwa yotakata, choncho uli ndi timaenje tosazama totsatizana, ndipo ngati unachekedwa ndi sowo ya pamanja, mizere yake ndi yopendekeka ndiponso yosalingana. Wochekedwa pa makina uli ndi mizere yolingana bwinobwino, yowongoka kapena yokhota mofanana. Mtengo wakale umakhalanso wopindika ndi wong'aluka m'litali, chifukwa unaumira padenga pomwepo, ndipo m'nyumba zimene moto unkasonkhedwa pakati mitengo ya denga imakhala ndi mwaye wolowerera umene sufanana ndi utoto wakuda. Pamene pali cholumikiza mudzaona mzere wopendekeka wodutsa mtanda, mbali imodzi yakuda, inayo yoyererako. Amisiri abwino sabisa mzere umenewo, chifukwa amene adzakonze nyumbayo m'tsogolo ayenera kudziwa pamene ife tinagwira. Mayi Naphiri, mukadzapitanso mutijambulire mitanda ya m'zipinda ziwiri zapamwamba za mbali ya kum'mawa, makamaka mzati waufupi umene waima pakati pa mtanda n'kutambasula nthambi zake kudenga, umene kuno timautcha crown post, kuti Bambo Tembo aone okha kuchuluka kwa mitengo yakale imene yatsala pamenepo.